Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: switch ya ku Moatize

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka achemwali aja a ku Ulónguè amene anati ndisiye kuzungulira ngati galu wofuna pogona, ndinene chimene chinandichotsa ku Moatize. Lero ndinena.

Mukukumbukira kuti ndinatsika kuchokera kwathu ku Angónia kupita ku Moatize mu 2011, malasha atangoyamba kukoka anthu. Zaka zinayi ndinali wokoka mawaya m'madenga. Kumeneko kulibe nkhani.

Nkhani ili pa switch imodzi, bokosi lolumikiza zida zonse pa netiweki, ya mapoti (mabowo olowetsamo mawaya) 48, imene inkanyamula ofesi yonse: makompyuta, mafoni a pa desiki ndi makamera, omwe ankalandira magetsi kudzera mu waya womwewo wa netiweki. Mu Okutobala, nthawi imene ku Tete kutentha kumadutsa madigiri 40, inayamba misala. Lolemba lililonse m'mawa ndinkapeza mafoni ali zii, makamera asiya kujambula Loweruka masana. Ndikaizimitsa n'kuiyatsanso, inkadzuka ngati palibe chachitika.

Chefe uja, bwana wathu, amene ndinakuuzani kuti ankanditcha "wa mbatata", anandiitana pamaso pa anthu onse a ku akaunti. Sanandipatse mpando. Anati, "Iwe mnyamata, wagwira chiyani mmenemo? Makinawa si khasu." Anthu anaseka, ena mokweza, ena pobisa nkhope m'mapepala. Mtsikana wina amene tinkadya naye nsima tsiku lililonse anayang'ana pawindo. Ine ndinangoti, "Chefe, sindinasinthe kanthu," mawu akunjenjemera ngati ndaba. Mwezi umenewo anandidula theka la malipiro, ndipo ndi mwezi womwewo amayi ankadikira ndalama ya feteleza mvula isanagwe. Ndinawaimbira nditakhala pamwala kuseri kwa ofesi, n'kuwanamiza kuti malipiro achedwa. Anati, "Usadandaule mwanawe, tidzabzala choncho." Mpaka lero mawu amenewo amandilasa kuposa kuseka kuja.

Ndinayamba kufufuza ndekha usiku. Choyamba waya, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amakhala waya: wina wadutsa mamita 100, wina wadyedwa ndi makoswe. Ndinalumikiza laputopu ndi kachingwe kobiriwira ngati thambo ka console, kolankhulira ndi switch mwachindunji, ndinatsegula pulogalamu ya PuTTY, n'kulemba lamulo la show interfaces loonetsa mmene mapoti akuyendera. Ma CRC error, zizindikiro zoti uthenga wafika wowonongeka, analipo pa mapoti angapo oyandikana. Ndinasamutsa waya mmodzi kupita pa poti ya kutali, zolakwikazo sizinamutsatire. Waya analibe mlandu. Lamulo la show version linandiuza kuti switch yadzuka masiku awiri okha apitawo, pamene ine sindinaikhudze. Vuto n'lakuti ikazima, zonse zimene inalemba m'kati mwake zimafufutika, ndiye umafika Lolemba wopanda mboni.

Ndinatenga laputopu yakale, ndinaisandutsa syslog, yosunga mauthenga onse ochokera ku switch, ndinaibisa pansi pa raki, shelefu imene switch inkakhalapo. Loweruka lija inagwira wakuba. Mauthenga anali pamzere: fani yalephera, kutentha kwadutsa malire, kenako chete.

Tsono pano ndiyankhe achimwene amene analemba kuti ndinalakwa kutsegula makina a kampani. Waranti inali itatha kalekale, ndipo ine ndinali nditalipira kale mlandu wake ndi feteleza wa amayi. Nditachotsa chivundikiro ndinapeza fani itamatidwa ndi fumbi la malasha, lakuda, lolimba ngati mwaye wa m'khitchini ya udzu. Ndinaizunguza ndi chala, inakana. Ku mbali ya magetsi makapasita awiri, tizida tosunga magetsi, anali atatupa pamwamba, imodzi itatuluka madzi ofiirira n'kuuma.

Funso linatsala: bwanji Loweruka lokha? Anandiyankha ndi mlonda, mdala wa ku Zóbuè amene tinkagawana tiyi. Anati, "Aphwanga, Lachisanu lililonse chefe amandiuza ndizimitse makina oziziritsira kachipinda kanuko, ati magetsi akudula." Kachipinda kopanda windo, denga la malata, dzuwa la Moatize.

Lolemba ndinaika zonse pa tebulo lake: mapepala a syslog, fani m'kapulasitiki. Za mlonda sindinatchule, ndinangoti kachipindako kamatentha kumapeto kwa sabata. Anawerenga mzere umodzi, n'kukankhira pambali. Switch yatsopano inabwera kuchokera ku Maputo, makina oziziritsira sanazimitsidwenso, koma theka langa lija silinabwerere. Patapita miyezi iwiri anati kontirakiti yanga yatha. Ndikudziwa kuti pali wina amene amakutumizirani zimene ndimalembazi, chefe. Muwerenge bwinobwino, dzina lanu mulibemo.

Fani ija ndinapita nayo kumudzi. Ili m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi ziphaso zanga, ndipo amayi amaganiza kuti ndi chida chantchito, amaipukuta fumbi.

Gawo lotsatira ndi la ulendo wa pa chapa (minibasi) wobwerera kumtunda, ndi munthu amene ndinakhala naye mpando umodzi kuyambira pa Mussacama.