Nthambi zambiri si zimene zimakometsa zokambirana m'gemu

Inu opanga magemu a RPG (momwe wosewera amatenga mbali ya munthu wa m'nkhani), musathamangire kuchulukitsa nthambi za zokambirana. Mayankho 3 pa mafunso 5 otsatizana amabala njira 243. Adzazilemba ndani zonsezo? Pakadutsa mizere iwiri kapena itatu, nthambi zikumanenso pamodzi, koma zimene wosewera wanena muzisunge mu variable (malo amene pulogalamu imasungamo zinthu zoti izikumbukira). Akanyoza wamalonda lero, mawa akapeze mtengo wa lupanga wakwera. Zida zolembera zokambirana za m'gemu monga Ink ndi Yarn Spinner zimathandiza pa zimenezi mosavuta.

Vuto lina ndi kufupikitsa mayankho. Mu gemu ya Fallout 4 ya 2015 umasankha timawu tiwiri, munthu wako wa m'gemuyo n'kulankhula zimene sumayembekezera. Onetsani chiganizo chonse. Wotchi yoika malire a nthawi yoyankhira muiike pa mkangano pokha. Ikakhala paliponse imazunza owerenga pang'onopang'ono.