Ndodo ndi yanga, koma akuti ndagulitsa timu

Lamlungu usiku, kuno ku Zingwangwa. Tulo sitikubwera. Mawu amene a kaputeni andiuza kuseri kwa bala madzulo ano akungobwerezabwereza m'mutu mwanga: "Achimwene, lero mwatigulitsa." Sanakuwe ayi. Akanakuwa ndikanati ndi mowa ukuyankhula, koma iwo tsiku la gemu samwa ngakhale botolo limodzi. Ayankhula motsitsa, akundiyang'ana m'maso, ndipo n'chifukwa chake zandilowa chonchi.

Tinali ndi gemu ya ligi ya pool pakwathu, alendo anali anyamata a ku Bangwe. Afika mochedwa, atanyowa ndi chiperoni chimene chakuta phiri la Soche kuyambira m'mawa. Nyengo ikatere nsalu ya tebulo imamwa chinyezi, mpira umayenda mwaulesi, ndiye aliyense amamenya mwamphamvu kuposa masiku onse. Ine magemu anga ndinali nditamaliza kale, ndodo nditaimasula pakati n'kuiika m'chikwama. Zigoli zinali zofanana, kutatsala gemu imodzi yoti itilekanitse: a kaputeni athu ndi kamnyamata kawo kowonda, kosayankhulayankhula, kamene tinali tisanakaonepo.

Mnyamatayo ndiye anabuleka. Pomwe mipira imamwazika, tipi, kachikopa kakunsonga kwa ndodo yake, inafwamphuka n'kugubuduka mpaka pansi pa benchi. Anaitola, n'kuiyang'ana. Guluu anali atauma n'kusanduka fumbi loyera, zooneka kuti anamata yekha kunyumba. Anzake anayamba kufunsana zomubwereka, koma pa timu yonse ija ndodo zenizeni zinali ziwiri basi. Inayo inali itapita ndi mwini wake amene anathamangira shifiti ya usiku atangomaliza magemu ake. Choncho anapita pakona pamene pamakhala ndodo za pabala.

Amene amasewera pool m'makomboni muno akuzidziwa ndodo zimenezi. Ukaigoneka patebulo n'kuikunkhuniza, nsonga yake imavina m'mwamba ndi pansi chifukwa inapindika kalekale. Kunsonga kwake anavekako kapulasitiki kongolowetsa, kolimba, konyezimira, kamene ngakhale upake choko chochuluka bwanji sikagwira. Pa tebulo la matokeni mpira woyera umakhala wocheperako kuposa ofiira ndi achikasu, kuti ukalowa uzitulukira njira yakeyake, ndiye umafuna tipi yachikopa yopyapyala, ya mamilimita 8 kapena 9. Ndi chindodo cha pabala sungaubweze m'mbuyo woyerayo, sungaupatse mbali. Ukangoyesa, ndodo imaterereka, woyera sakhudza mpira wako, faulo. Ndipo pa malamulo a blackball amene tikutsatira mu ligi yathu, faulo imapatsa mnzako shoti yaulere. Kwa munthu ngati a kaputeni athu shoti yaulere imodzi ndiyokwanira kutha nayo gemu.

Mnyamatayo anakunkhuniza yoyamba, inavina. Yachiwiri chimodzimodzi. Sanapemphe munthu aliyense. Anangosankha imodzi n'kuyamba kupaka choko pa kapulasitiki kaja mwachifatse, ngati kuti kamva. Apo m'pamene ndinatsegula chikwama, kulumikiza ndodo yanga, n'kumupatsa. Ndinangomuuza kuti, "Aise, gwira iyi, koma usamenyetse pansi." Anailandira ndi manja awiri.

M'bala monse munangoti zii kwa kanthawi, kenako wina kumbuyo anaseka.

Anasewera bwino mwana uja, izi ndinene poyera. Shoti ziwiri zoyamba amaiphunzira ndodo, kulemera kwake, moti ina anaphonya yosavuta. A kaputeni analowetsa yachikasu inayi motsatizana, ndipo ine mumtima ndimati zatha, tapambana ndipo palibe amene adandaule. Koma pa wachisanu mpira unagunda milomo ya bowo n'kubwerera. Mnyamatayo sanathamangire kulowetsa. Anakankha woyera pang'onopang'ono n'kukaubisa kuseri kwa ofiira ake awiri. A kaputeni anayesa kudzera kukhushoni, anaphonya. Kuchokera pamenepo sanagwirenso tebulo. Wakuda, mpira wotsiriza, mnyamatayo anamulowetsa pabowo lapakati, woyera n'kubwerera m'mbuyo bwinobwino, shoti imene ndi ndodo ya pabala sakanailota n'komwe. Izi ndikuzidziwa ine, akuzidziwanso a kaputeni.

Anapukuta ndodo ija ndi malaya ake asanandibwezere. "Zikomo kwambiri akulu." Basi. Anzake anamunyamula, phokoso mpaka pamsewu.

Ndiye kuseri kwa bala kuja. Ndinaganiza kuti akufuna tikambirane za ndalama ya tokeni, chifukwa ine ndi amene ndimasunga buku.

Anayamba ndi za ndalama ndithu, koma mwanjira ina. Anati aliyense pa timu pano amasonkha sabata ndi sabata, ya minibasi popita ku Chirimba, ku Machinjiri, ku Chilomoni, ya mayunifolomu, yolembetsera ligi. Ena mwa anyamata athu ndi a kabaza, ndalama imene amasonkhayo ndi yoti ikanagula ufa. "Mapointi atatu amene mwapereka lerowa si anu nokha, ndi a anthu onsewa. Munafunsa ndani?" Ndinayankha kuti ndodo ndi yanga, ndinagula ndi ndalama yanga. Anati, "Ndodo ndi yanu, koma gemu inali yanga."

Pamenepo ndinakhala chete kaye, chifukwa mawuwo ali ndi kulemera kwake.

Anapitiriza. Anati kusamala chida ndi mbali imodzi ya masewero. Munthu amene wabwera ku gemu ya ligi ndi tipi yomata ndi guluu wakale sanakonzeke, ndipo kusakonzeka kuli ndi malipiro ake, monga mmene kubwera woledzera kulili ndi malipiro ake. "Munaonapo wosewera wa Bullets akuvula nsapato kupatsa wa Wanderers pa Kamuzu Stadium, ati chifukwa yake yang'ambika?" Ndinati pool si mpira wamiyendo. Ife timagawana choko chimodzi, timaikirana mipira mu thirayango, ukakhudza mpira ndi malaya wosewera naye asanaone umanena wekha kuti faulo. Masewero athu onse aima pa kukhulupirirana kwa anthu awiri ozungulira tebulo limodzi, nthawi zambiri popanda ndi woyimbira yemwe. Anati zimenezo ndi malamulo ndi ulemu, koma palibe lamulo lonena kuti upatse mdani chida choti akuphere.

Kenako anatulutsa chimene ndikuona kuti ndicho chimawapweteka kwenikweni. Chaka chatha, mayi a mnzathu wina atamwalira, tonse tinali kumaliro ku Chiradzulu tsiku limene timayenera kupita ku Bangwe. Tinawapempha asunthe gemu. Anakana, n'kutenga mapointi osagwira ndi ndodo yomwe. Ndikuikumbukira bwino nkhaniyo, inandiwawa inenso, ndipo mpaka lero akuluakulu a timu imeneyo sindimacheza nawo kupitirira moni. "Anthu amenewo ndi amene mwawachitira chifundo," anatero. Ndinati mnyamatayu nthawi imeneyo panalibe, walowa timu chaka chino. Amene anakana aja ndi madala awiri amene lero amangokhala pabenchi. Ndimulange mwana chifukwa cha iwo? Anati malaya amene wavala ndi omwewo.

Ndinayesa kuwakumbutsa kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa, n'kuti zathu zinapsa kale chaka chatha ndipo palibe anabwera ndi madzi.

Sindikudziwa kuti tinaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Mvula yamawawa inali ikutinyowetsa tonse awiri koma palibe amene amafuna kuyamba kuchoka. Chimene ndinalephera kuwauza bwino, chifukwa pakamwa mawu amandithawa ndikakwiya, ndi ichi. Akanapambana gemu ija mnyamata akulimbana ndi ndodo yokhota, dzina lawo likanalembedwa m'buku, mapointi tikanatenga, koma aliyense amene anali m'bala muja akanadziwa kuti sanagonjetse munthu. A kaputeni athu ndi katswiri, ndawaona akuchotsa anthu amene amaopedwa mu Ndirande monse. Safunika thandizo la kapulasitiki. Pomupatsa ndodo mwana uja, m'mutu mwanga munalibe zoti ndikuwachotsera kanthu. Ndimaona ngati ndikuwapatsa gemu yoyenera msinkhu wawo. Ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti apambana.

Ine pool ndinaphunzirira ku Ndirande, ndili mnyamata wongoimirira pakhomo kudikira kuti wina asiye mipira iwiri patebulo ndimenyeko. Panali mdala wina, telala, amene anali ndi ndodo yakeyake nthawi imene zinthu zotere zinali zosowa. Tsiku lina ndikusewera ndi iye yemweyo, ya ndalama pang'ono, anaona mmene ndimavutikira ndi ya pabala, n'kundipatsa yake kuti tizisinthana. Anandichapa ndithu tsiku limenelo. Koma ndi tsiku limene ndinazindikira kuti mpira woyera umamvera, kuti ukaumenya m'munsi umabwerera, kuti vuto silinali manja anga okha. Mdalayo anatisiya kale. Sindinganene kuti ndimamuganizira pomwe ndimatsegula chikwama lero, zinachitika mwachangu, koma manja anga anaphunzira kwa iye.

Kunyumba mayi a ana sanafune kumva za mapointi. Funso lawo linali limodzi: "Nanga akanaithyola?" Ali ndi mfundo. Ndodo imeneyi anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Johannesburg, inadutsa pa Mwanza itakulungidwa m'bulangeti, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula ina yotere sindingakwanitse msanga. Ndaiyang'ana bwinobwino pansi pa getsi. Kamkuwa kakunsonga kali bwino, tipi yaphwatalala pang'ono mbali imodzi chifukwa mwanayo amapaka choko mokhula, koma ndi zoti sandipepa akonza mawa.

Mtima wanga sabata yonseyi sunali bwino kale, mwina n'chifukwa chake mawu amodzi andigwira chonchi. Kuntchito zinthu sizikuyenda, kuzizira kukundidwalitsa msana, ndipo pool ya Lamlungu ndi malo okhawo amene ndimapita kukapuma. Anthu amenewa ndadya nawo, ndalira nawo maliro, ana awo amanditcha amalume. Kumva mawu oti kugulitsa kuchokera kwa munthu amene ndinamuperekeza ku Queens mkazi wake atadwala usiku, zikundivuta kumeza. Wogulitsa amalandira kanthu. Ine ndalandira chiyani?

Pa gulu lathu la WhatsApp moto wayaka kuyambira cha m'ma 8 koloko. Ena akuti ndachita zaumunthu, ena akuti umunthu ndikachitire kutchalitchi. Mnzathu wina wophunzitsa kusekondale waponyapo nkhani ya masewero a Olimpiki a m'chipale chofewa a mu 2006 ku Turin, ku Italy. Mayi wina wa ku Canada, Sara Renner, ndodo yake yotsetserekera inathyoka mpikisano uli mkati, ndipo mphunzitsi wa timu ya Norway, Bjørnar Håkensmoen, anamupatsa ina pomwepo. Canada inatenga mendulo ya siliva, Norway inathera pa nambala 4, yopanda mendulo. Ndawerenga kawiri, mtima unakhalako pansi pang'ono kuona kuti munthu wina, pa mpikisano waukulu chotero, anachita zomwezo timu yake ili pomwepo. A kaputeni ayankha ndi mzere umodzi: "Amenewo sasonkha ya minibasi."

Ndipo sindingawatsutse kotheratu. Kupatsa n'kosavuta ukakhala kuti wotaya ndiwe wekha. Lero amene ataya ndi anthu asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi yekha ndi amene anasankha. Komabe ndikadzifunsa ngati ndikanatha kukhala pabenchi paja, ndodo ili m'chikwama pamiyendo panga, ndikuonerera mwana akupaka choko pa pulasitiki, yankho ndi loti ayi. Ndikanapita kunyumba ndi mapointi koma sindikanafuna kuiona gemu imeneyo m'buku limene ndimalemba ndekha.

Tsopano wina wabweretsa ganizo loti tikhazikitse lamulo la timu: munthu asabwereke mdani ndodo, tipi, ngakhale guluu, popanda chilolezo cha kaputeni. Akuti tivote Lachitatu pa mapulakatisi. Atatu avomera kale. Wa kabaza mmodzi, amene ndimayembekezera kuti akhala woyamba kundidzudzula, walemba kuti iye ndodo alibe, amasewerera yobwereka kwa ine sabata iliyonse, ndiye sakuona kuti angavote bwanji. Palibe wamuyankha.

A kaputeni anditumizira uthenga pandekha posachedwapa, wofunsa ngati ndibwere ndi buku la ndalama Lachitatu. Sanatchule za ndodo. Kaya akufuna tiwerengere za ulendo wa ku Machinjiri, kaya akufuna ndilipereke kwa wina, sanafotokoze. Ndalemba kuti ndibwera nalo, ndafufuta, ndalembanso ndi funso kumapeto, ndafufutanso. Foni yatsala pang'ono kuzima ndipo chaja chili kuchipinda kumene ana agona.