Antoinette Lubaki: zithunzi zimene zinachoka pakhoma n'kupita papepala

Kwa masabata angapo ndakhala ndikubwerera pa intaneti kukayang'ana zithunzi za mayi wina wa ku Congo, Antoinette Lubaki, amene ankajambula zaka pafupifupi 100 zapitazo popanda kupondako m'kalasi ya zojambulajambula. Nyama zake, mitengo yake ndi anthu ake zimayandama papepala ngati m'maloto, popanda kutsatira lamulo la azungu lakuti chakutali chichepe ndipo chapafupi chikule, ndipo mitundu yake saitengera m'tchire koma m'maganizo mwake.

Nkhani yake imayambira ku Bukama, m'chigawo cha Katanga, m'chaka cha 1926. Mzungu wina wa ku Belgium wogwira ntchito m'boma la atsamunda, Georges Thiry, anaona zithunzi pamakoma a nyumba ndipo anachita nazo chidwi. Anapeza kuti zinali za Albert Lubaki, mmisiri wosema minyanga ya njovu, ndi mkazi wake Antoinette. Podziwa kuti zojambula za pakhoma la dothi zimafufutika mvula ikabwera, anawapatsa mapepala ndi penti wosungunula ndi madzi. Zimene anajambulazo zinatumizidwa ku Ulaya, ndipo mothandizidwa ndi Gaston-Denys Périer, mzungu wina wa ku Belgium wokonda zaluso za ku Congo, ntchito za Lubaki zinaonetsedwa ku nyumba ya zaluso ya Palais des Beaux-Arts mu mzinda wa Brussels mu 1929, kenako ku Geneva ndi ku Paris.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti, monga zimasimbidwira, Antoinette ankajambula usiku ndi kuwala kwa kandulo, chifukwa zambiri zimene ankajambula zinali nthano ndi miyambi, ndipo mwambo sunkalola kuti nthano zikambidwe dzuwa lili m'mwamba. Ife amene tinakula tikumvera agogo madzulo pafupi ndi moto, tikuvomereza kuti "tili tonse", mwambo umenewu sitikuumva koyamba. Zikutanthauza kuti kwa iye kujambula kunali kukamba nthano ndi manja, ndipo pepala la mzungu silinamuchotse pansi pa lamulo la makolo ake.

N'chifukwa chake sindikhutira ndikamaona akatswiri akumutchula kuti wodziphunzitsa yekha kapena wojambula wa kunja kwa mpanda wa luso. Kunja kwa mpanda wa yani? Sukulu anali nayo: makoma a mudzi, dothi loyera, dothi lofiira, makala, ndi anthu amene anajambula iye asanabadwe. Chimene analibe ndi satifiketi yokha. Zimandipwetekanso kuti ku Ulaya kunali ena amene anakayikira zoti Mwafirika angajambule chotero, mpaka kufalitsa zoti zithunzizo zinali chinyengo cha mzungu, pamene eni akewo anali kutali ku Katanga, opanda mwayi wodziyankhira. Kwa nthawi yaitali dzina lomveka linali la mwamuna wake, lake likubisika kumbuyo.

Zithunzizi zinaonekeranso pagulu lalikulu mu 2015, pa chionetsero cha Beauté Congo chimene André Magnin, katswiri wa zaluso za ku Africa, anakonza ku nyumba ya zionetsero ya Fondation Cartier ku Paris, pomwe zinapachikidwa pamodzi ndi za Djilatendo, telala wa ku Kasai amenenso Thiry anam'patsa mapepala. Mu 2022 ntchito za Antoinette zinafika ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Italy, ndipo pamndandanda wa ojambula dzina lake linalembedwa palokha, osati pansi pa la Albert.