Mmene ndinathanirana ndi kubanika komwe Covid-19 inandisiyira

Covid-19 inandigwira mu Januwale 2021, nthawi ija matendawa anavuta mpaka kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi. Kutentha thupi kunatha, fungo la ndiwo ndinayambanso kulimva, koma mpweya unakanika kubwerera. Kuno ku Thyolo kulikonse ndi chitunda, ndiye vuto lotere silibisika. Pochokera kumjigo ndi ndowa pamutu ndinkaima panjira ndili wefuwefu, ndipo kukwaya ndinkadukiza mzere wa nyimbo kuti ndikoke mpweya.

Ndinayambira kuchipatala cha boma, buku langa la kuchipatala lili m'manja. Adokotala sanathamangire kunena kuti ndi zotsalira za korona ayi. Anati, "Mayi, tiyambe taona TB." Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, amangogula mankhwala a chifuwa pagolosale pomwe chifuwa chachikulu nachonso chimabwera ndi kukhosomola, kufooka ndi kubanika. Anandipatsa kabotolo koikamo makhololo, n'kukawayeza pa makina a GeneXpert. Anaona ngati magazi ali okwanira m'thupi, poti kuchepa kwa magazi kumabanikitsanso, anamvetsera mtima, kenako anandijambula chifuwa.

Pali kachipangizo kena komwe amapana nako chala, kokhala ngati chopanira zovala pachingwe. Kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ndipo munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100. Ndili chikhalire nambala inali bwino. Anamwino atandiyendetsa m'khonde uku ndi uku, inatsikako pang'ono. Mukapita, afotokozereni kuti vuto limabwera poyenda, chifukwa pabenchi mumaoneka wamphamvu.

TB sanaipeze. Anandifotokozera kuti kachilombo ka korona kamatupitsa timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo momwe mpweya umadutsira polowa m'magazi. Ena mwa omwe anadwala kwambiri mpaka kuikidwa pa okosijeni amatsala ndi zipsera m'mapapomo. Koma palinso ena ngati ine: chithunzi chilibe vuto, kubanika kulipo, minofu yopumira itafooka ndipo munthu atazolowera kupumira pamwamba, mofulumira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ndi zotsalira za Covid-19 ngati zizindikiro zilipo patatha miyezi 3 chiyambireni matenda, zakhala miyezi yosachepera 2, ndipo chifukwa china sichikupezeka.

Mapiritsi othetsa zimenezi sanandipatse. Anandiphunzitsa kupuma, ine mayi wa ana akuluakulu! Umakhala pampando, mapewa utawamasula, dzanja limodzi pamimba. Umakoka mpweya ndi mphuno ukuwerenga mpaka 2, mimba ikufufuma, osati chifuwa. Kenako umautulutsa pang'onopang'ono pakamwa, milomo utaisongola, ukuwerenga mpaka 4. Poyamba ana ankandiseka, koma pachitunda njira imeneyi ndi imene inkandifikitsa kunyumba. Kubanika kukandipeza, ndinkatsamira mtengo kapena kuwerama pang'ono manja ali pamaondo.

Chovuta kwambiri chinali kudziletsa. Tsiku lodzuka bwino umafuna kuchapa, kulima ndi kupita kumsika ku Bvumbwe zonse pakamodzi, mawa lake n'kugona tsiku lonse. Ndinayamba kugawa ntchito: ndowa yaing'ono m'malo mwa yaikulu, kuyenda pang'ono tsiku lililonse, n'kumaonjezera mtunda thupi likalola. Apongozi anga ankaganiza kuti ndi ulesi mpaka atandimva kupuma kwake.

Utsi wa nkhuni unkaputa chifuwa, choncho ndinasamutsira mafuwa panja, pambuyo pake ndinagula Chitetezo Mbaula. Chiperoni chikafika mu Juni ndi Julayi ndimafunda mokwanira, chifukwa mphepo yozizira ija imandiyambitsa kukhosomola. Katemera nayenso ndinakabayitsa.

Mphamvu zinabwerera patapita miyezi yambiri, osati masabata. Koma izi zopumira kunyumba zili ndi malire ake. Mukaona magazi m'makhololo, kupweteka pachifuwa, miyendo kutupa, kuonda kapena kubanika muli chikhalire, pezani kabaza tsiku lomwelo mupite kuchipatala, buku lanu musaliiwale.