Tinakadya za Chitaliyana ndi amayi pa 4 Okutobala

Amayi anabwera kuno ku Tete kumayambiriro kwa mwezi uno kudzaonetsa maso awo kwa adokotala, anakwera shapa, ija minibasi, m'mamawa ku Ulongue kudzera pa Mussacama ndi Moatize, ndipo monga mwa masiku onse sanabwere chimanjamanja ayi, anatsika ndi thumba la kachewere ndi nyemba za m'chitini. Koma kutentha kwa kuno mwezi uno inu mukukudziwa, kumapitirira madigiri 40, munthu wozolowera mphepo ya ku Angónia amavutika zedi. Masiku awiri oyamba ankangokhala pansi pa mtengo wa msawu kuseri kwa nyumba ndi kansalu konyowa pamutu, kudya osadya.

Ndiye pofika pa 4 Okutobala, tsiku la feriyadu, tchuthi chokumbukira mtendere, ndinaganiza zoti ndiwatulutse akadye malo ozizira bwino. Ndinasankha lesitilanti ina ya zakudya za ku Italy, dzina sinditchula chifukwa zina zimene ndinene pano sizabwino kwenikweni. Ndinasankha dala. Kwathu mawu oti Roma si mawu wamba. Amayi anathawa nkhondo ali ndi mimba ya mchimwene wanga wamkulu, anawoloka malire wapansi nkukakhala mbali ya Dedza zaka zingapo, ine ndinabadwira komweko. Pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, ndi a Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, atasaina mtendere ku Roma, mothandizidwa ndi gulu lija la Akatolika la Sant'Egidio, mpamene anthu anayamba kumanga akatundu kubwerera kuminda yawo. Nditawauza kuti lero tikadya chakudya cha anthu a ku Roma anangoti "Ku Roma konkuja?" nkulowa m'nyumba kukavala chitenje chawo chatsopano ndi duku. Sanafunsenso zambiri.

Tinapita atatu, ine, amayi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Tinafika cha m'ma 6 madzulo dzuwa litangolowa. Malowo ndi aukhondo ndithu, matebulo a nsalu zoyera, makina oziziritsa akugwira bwino, ndipo pakona pali uvuni wa njerwa wa nkhuni umene moto wake umaoneka ukakhala pansi. Fungo la buledi ndi adyo linatilandira pakhomo pomwe. Mpaka apa zonse zinali bwino.

Zinayamba kundipweteka titakhala. Mnyamata woperekera zakudya anabwera nkuponya mapepala a menyu patebulo, akulankhula Chipwitikizi chothamanga, maso ali pa ine ndekha, amayi osawapatsa moni ngakhale wa mutu chabe. Kenako anazimiririka. Tinakhala mphindi zoposa 30 opanda ngakhale madzi akumwa, pamene tebulo la anthu a ku migodi ya malasha amene anafika ife titakhala kale linali litadzaza ndi mabotolo a mowa wa 2M ndi mbale ya buledi. Ndinakweza dzanja kawiri, anandiona ndithu, nkungondikodola kuti dikirani. Ine sindikuti alendo asalandiridwe bwino ayi, ndalama za malasha ndi zimene zinadzutsa malo ambiri odyera mu mzinda uno, aliyense akudziwa. Koma mayi wachikulire wavala bwino, wabwera ndi mwana wake ndi mdzukulu wake, ndalama yake ndi metikali yomweyo, bwanji osamupatsa ulemu? Ndinaona amayi akukonzakonza duku lawo ngati kuti mwina vuto ndi iwowo, mtima wanga unawawa kwambiri moti ndinatsala pang'ono kunyamuka.

Amene anatipulumutsa ndi mtsikana wina amene ankapukuta matambula chapafupi. Anamva amayi akuuza mdzukulu wawo kuti khala bwino usagwedeze mpando, ndiye anabwera, anapinda maondo pang'ono nkunena kuti "Mwaswera bwanji agogo? Takulandirani." Nkhope ya amayi inasintha pompo. Anamufunsa kuti kwanu nkuti mwanawe, iye anati ku Furancungo. Basi nkhani inayambika, za mvula, za fodya wa ku Macanga, za mseu. Anatibweretsera madzi ozizira, ndiponso popanda kumupempha anabwera ndi kabeseni ndi jagi kuti amayi asambe m'manja, chinthu chimene malo ngati amenewa sachita. Kenako anaima pambali pawo nkuwafotokozera menyu yonse mu Chichewa, mbale ndi mbale, modekha, osaonetsa kuti akuchedwa.

Tinayamba ndi bruschetta, buledi wowotcha wopakidwa adyo, pamwamba tomato wodulidwa timatinthu ting'onoting'ono ndi mafuta a olivi. Buledi anali bwino, wokhukhuta kunja, wofewa mkati. Koma tomato anali wotumbuluka, wamadzimadzi, wopanda kukoma. Amayi anangolawa kamodzi nkuti uyu anathyoledwa wosapsa, wapsera m'bokosi. Ndipo ananena zoona. Chakudya cha Ataliyana chambiri chimadalira zinthu zitatu kapena zinayi basi, ndiye chimodzi chikalakwika palibe pobisala. Tomato wabwino ali mbwee m'madimba kwathu, sindikumvetsa chifukwa chake malo odula chonchi angagule wotere.

Mwana anaitanitsa pizza ya margherita, ija ya ku Napoli ya tomato, tchizi cha mozzarella ndi masamba a basil. Apa ndiye ndiwayamikire. Inabwera ikutentha, m'mphepete itafufuma ndi timadontho takuda ta moto wa nkhuni, pakati yopyapyala moti umachita kuipinda podya. Sinali ija yonenepa ngati chigumu yothiridwa zinthu khumi imene timagula m'malo ena. Mwana anadya zidutswa zinayi osalankhula, amayi anatenga chimodzi, anati buledi wake ngwabwino koma tchizi chotamuka ngati ulimbo sanagwirizane nacho.

Ine ndinatenga spaghetti carbonara ndipo ndinakhumudwa. Zaka zapitazo ndinagwira ntchito ndi mayi wina wa ku Italy pa projekiti ya zitsime, ndiye ankatiphikira nthawi zina Loweruka, iyeyo ndi amene anandiphunzitsa kuti carbonara ya ku Roma ndi mazira, tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino, nyama ya patsaya la nkhumba yokazinga ndi tsabola wakuda, basi, kirimu salowamo. Imene anandipatsa inali itasambira mu kirimu, nyama yake tizidutswa ta fiyambule, hamu uja wa m'paketi, ndipo pofika theka mbale inali itagwirana ngati phala lozizira. Ndikumvetsa kuti pecorino kuno ndi yovuta kupeza ndiponso yodula, zinthu zimachokera kutali, koma ndiye angolemba dzina lina pa menyu, asaitche carbonara. Chimodzi chokha chimene anakhoza ndi kaphikidwe ka spaghetti yeniyeniyo, inali yolimbako pang'ono pakati monga amafunira eni ake, amati al dente. Amayi atalawa anati "Mwanawe izi sizinapse, bweza." Ndinawafotokozera kuti amachita dala, anapukusa mutu, sanakhutire, ndipo sindinawakakamize.

Koma nkhani yeniyeni imene yandipangitsa kulemba zonsezi ndi mbale ya amayi. Mtsikana uja atamva kuti amalima kachewere anawauza kuti agogo yesani gnocchi, amatchula kuti nyoki, ndi timibulu topangidwa ndi mbatata yomweyo. Inabwera mbale yakuya, timibulu tating'ono ngati chala chachikulu, tili ndi timizere pamsana, tili mu msuzi wa tomato wophika bwino wofiira ndithu, pamwamba atawaza tchizi cha parmesan. Amayi anaika foloko pambali nkutenga supuni. Anatenga kamodzi, anakasiya mkamwa osatafuna, kenako anatenga kena nkukaphwanya ndi chala pambali pa mbale nkumakayang'anitsitsa pafupi ndi maso, paja maso awo akuvuta. Anati iyi ndi mbatata ya kumunda yokhwima bwino, si ya kudimba, ya kudimba imakhala ndi madzi ambiri sikanagwirana chonchi. Anatinso anaiphika ndi makoko ake, chifukwa ukasenda kaye imamwa madzi. Ine ndinangokhala duu kuwayang'ana. Mayi amene mphindi zochepa zapitazo ankadzikayikira ngati ndi woyenera kukhala pamalopo tsopano ankafotokoza chakudya cha ku Italy ngati wakhala akuphika moyo wake wonse.

Mtsikana uja anapita kukhitchini kukanena, ndipo posakhalitsa wophika anatuluka, bambo wa kuno konkuno wolankhula Chinyungwe, apuloni ili ndi ufa. Anavula chipewa nkupatsa amayi moni ndi manja awiri. Anati zonse zimene anena ndi zoona, mbatata amagula pa msika wa Kwachena kwa amayi amene amaoda ku Angónia, ndipo amasankha youma yaufa, akapeza yamadzi tsiku limenelo gnocchi saphika. Chinyungwe ndi Chichewa zimamvana ndithu ukamalankhula pang'onopang'ono, ndiye anacheza kanthawi. Anawauza kuti pa kilo imodzi ya mbatata amathira ufa wa tirigu pafupifupi magalamu 300 ndi dzira limodzi, osakanda kwambiri, ndipo ukaponya m'madzi owira ukangoona tayandama ndiye kuti tapsa, vuula msanga. Amayi anamuuza kuti tirigu amalimidwa ku Tsangano, mchemwali wawo anakwatiwa komweko. Iye anawauzanso kuti kumpoto kwa Italy anthu amadya polenta, ufa wa chimanga chachikasu wophika m'madzi nkumavundula mpaka kulimba, amadyera nyama kapena tchizi. Amayi anaseka mpaka kugwira pakamwa, "Ndiye kuti azungu a ku Roma amadya nsima ya mgaiwa?" Anafunsa ngati ilipo kuti alawe, mwatsoka pa menyu panalibe.

Pamenepa mpamene ndinaganiza kwambiri za mtengo. Mbale ija ya gnocchi inali 650 meticais. Mbatata imene inalowamo sikwana ngakhale theka la kilo. Ndikudziwa mmene amayi amavutikira, kugula feteleza, kupalira, kukumba, kenako ogula amabwera ndi magalimoto pa nthawi yokolola mbatata itachuluka nkutchula mtengo wawo, iwe ulibe pokasunga ndiye umangovomera. Sindikudandaula kuti lesitilanti ikudula, ali ndi lendi, magetsi, antchito, tchizi chochokera kunja. Koma zinandikhudza kuona mlimi wa mbatatayo atakhala patebulo pomwepo, ndipo ndi yemweyo amene mnyamata uja sanamuone ngati munthu woyenera moni.

Pomaliza tinagawana tiramisu imodzi, ija ya mabisiketi onyika mu khofi ndi tchizi chofewa cha mascarpone, pamwamba koko. Inali yokoma koma yofewa mopitirira, inkachita kuyenderera m'mbale, ndikuganiza firiji yawo ikulimbana ndi kutentha kwa mwezi uno. Mwana anaikonda, amayi anati shuga wachuluka.

Konta, pepala la ndalama zolipira, itabwera, anabweretsa ndi mnyamata woyamba uja, tsopano akumwetulira. Nditawerenga ndinapeza awonjezera mabotolo awiri a mowa amene sitinamwe, patebulo pathu panali madzi ndi Fanta basi. Sindikunena kuti anachita dala, mwina anasokoneza ndi tebulo lina, koma nditamuonetsa sanapepese, anangotenga pepalalo nkupita, ndipo amene anabweretsa lokonzedwa ndi mtsikana uja, iye ndi amene anapepesa m'malo mwake. Ndinalipira pa M-Pesa, koma ndalama yothokozera mtsikanayo ndinamupatsa m'manja mwake kunja kwa khomo kuti ndikhale ndi chitsimikizo kuti yafika kwa mwini wake. Amayi anamugwira dzanja nkumuuza kuti akadzapita kumudzi adzadutse ku Ulongue adzatenge nyemba.

Mukandifunsa ngati ndingabwerereko, inde ndibwerera chifukwa cha pizza ndi gnocchi, carbonara ayi, ndipo ndikadzafika ndidzapempha kuti atitumikire mtsikana yemwe uja. Eni malowo ngati mungawerenge izi, phunzitsani anyamata anu kupereka moni kwa aliyense wolowa, makamaka akuluakulu, ndipo gulani tomato wopsera pamtengo.

Pobwerera tinawoloka pa mlatho wa Samora Machel magetsi akunyezimira m'madzi a Zambezi, kamphepo kakuwomba pang'ono. Amayi anali chete nthawi yaitali, kenako anayamba kusimbira mdzukulu wawo za tsiku limene anamva pa wailesi kuti nkhondo yatha, anali akutsuka mbale panja pa kanyumba ka udzu, ndipo sanakhulupirire mpaka anthu a kutchalitchi atabwera akuimba. Nkhani imeneyi ine ndaimva kambirimbiri koma mwana wanga kanali koyamba.

Anabwerera ku Ulongue patatha masiku atatu. Dzulo madzulo foni inalira, ndi iwo. Akuti anayesa kupanga timibulu tija, koma titangolowa m'madzi tonse tinasungunuka nkusanduka phala. Ndinawafunsa kuti mbatata yake inali iti, anati ya kudimba, ya kumunda inatha. Akuti atuma mwana wa achimwene awo akafunefune youma kumsika Loweruka, ndipo ine ndiwatumizire ufa wa tirigu makilo awiri pa shapa ya mawa.