Sitata itangoti "tcha" n'kukhala chete

Mazda MX-5 yanga ya 1991 inandichititsa manyazi pa Chitakale m'mawa wina wa chiperoni. Nditapotokola kiyi, inangoti "tcha!" basi. Anyamata a kabaza ndiwo anandikankha, ikalirira pa giya 2.

Anthu amathamangira kugula sitata yatsopano, koma ine ndinayamba ndi batire, lomwe pa galimotoyi limakhala m'buti, osati ku injini. Mita inawerenga mavoti 12.5, kutanthauza kuti moto ulimo. Koma pa mateminolo panali ufa woyera wobiriwirako, uja umabwera ndi asidi wa m'batire akakumana ndi chinyezi cha kuno ku Mulanje. Ndinatsuka ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, ndikupala ndi sanipepa, ndikumanga zolimba. Ndinapalanso pomwe waya wa negetivi amagwira thupi la galimoto, chifukwa dzimbiri la pamenepo limanamiza ngakhale amakanika.

Tcha! yemweyo.

Apa ndinaitana mphwanga kuti azipotokola kiyi ine ndikuyang'ana mita. Batire lofooka limagwa mpaka pansi pa mavoti 10 sitata ikamakoka. Langa silinasunthe n'komwe, ngakhale nyali zakutsogolo sizinazilale. Ndiye kuti moto sumalowa m'sitatamo. Solenoid, kaswichi ka pa sitata kolowetsa moto m'mota yake, imalira, koma mota osatembenuka.

Ndinakweza galimoto, ndikuikhazika pa zoimikira zachitsulo (jeke yokha musamaikhulupirire, a kwathu), ndikukwawira pansi ndi sipanala yaikulu. "Iwe, potokola usasiye!" Ndinagogoda thupi la sitata kawiri, mosapsa mtima. Injini inadzuka ngati sinadwalepo. Mphwanga anaseka kuti ndaimenya mpaka yamvera, koma chomwe chinachitika n'chakuti mabulashi otha, timakala topereka moto m'kati mwa mota, anagwedezeka n'kukhudzanso.

Kuchotsa sitatayo ndiye kunandidyera tsiku. Ndinayamba ndamasula teminolo ya negetivi, chifukwa waya wonenepa wa ku sitata amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo alibe chifundo ndi sipanala. Malo a sitatayo ndi opanikizika, pansi pa manifodi (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), moti bawuti yam'mwamba ndinkaipapasa ndi zala osaiona. Chikhatho chinasupuka.

Madala wina wokonza zamagetsi a galimoto ku Luchenza anaiphwasula pa thumba la simenti. Mabulashi awiri anali atatha kutsala tizidutswa, ndipo timkuwa ta m'solenoid tinali tobooka ndi kupsa. Anasintha zonsezo, napukuta pomwe mabulashi amatsetsereka, nayesa ndi batire pansi pompo. Sitata inalumpha ngati nsomba yongovuulidwa kumene.

"Achimwene, muja mumagogodamu ikanakulirirani kangapo chabe," anatero akupukuta manja, "kenako ikanakusiyani pa Likhubula usiku."