Sabata ino ku sikelo, amuna ali ku Joni

Anthu akamva zoti ndimagwira ntchito ku Mangochi amangoganiza za chambo ndi kusamba kunyanja, aaa ayi ndithu. Ine ndili kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, ukadutsa Malindi kulowera msewu wa ku Makanjira uko, pa kachipatala kakang'ono koti manesi ake sitikwana ndi zala za dzanja limodzi zomwe. Ndine nesi komanso mzamba.

Lolemba ndi tsiku la oyamba kumene sikelo. Malangizo amati mayi ayambe mimba isanapitirire miyezi 3 ndipo tionane naye ka 8 asanachire, kale tinkati ka 4 koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linasintha mu 2016. Nde pa benchi paja ambiri anali a miyezi 5, ena 6, wina mimba yoti mawa lomwe atha kuchira. Ukafunsa kuti mayi munali kuti nthawi yonseyi amangoseka nkuyang'ana pansi. Sikuti sadziwa ayi. Afunseni zomwe timapanga ku sikelo akuuzani zonse, fansida wa malungo, mapiritsi oonjezera magazi, neti, katemera wa kafumbata, kuyeza BP, HIV ndi chindoko, mpaka nyimbo yake akuimbirani ndi m'manja momwe.

Chomwe chimawachedwetsa ndi china. Ena amati mimba yaing'ono saiulula, anthu oipa angaimange. Koma mtsikana wina anandiuza zomwe ndimamva pafupifupi sabata iliyonse, ati aNesi bambo akwathu ali ku Joni, ndinamva kuti obwera okha mumawabweza kapena akatenge kaye kalata kwa amfumu, ndipo kwa amfumu supita chimanjamanja. Nkhani yobwera ndi mwamunayi cholinga chake chinali chabwino, kuti onse ayezetse limodzi, bambo amve yekha zizindikiro zoopsa ayambe kusunga ya transipoti. Koma kuno kwathu midzi ina ukalowa anyamata sungawapeze, ali ku Joni, otsalawo ali kunyanja kukokera usipa amabwera mmawa maso ali gwa. Nde mukudziwa zomwe amayi ena amapanga? amangogwira wakabaza yemwe wawanyamulayo, kumuonjezera kangachepe kuti alowe ngati mwamuna wake. Ife nkuyeza magazi a munthu woti mimbayo sakuidziwa nkomwe kkkk. Zoseketsa koma zomvetsa chisoni, chifukwa ngati mayiyo tampeza ndi chindoko woyenera kulandira mankhwala limodzi naye ndi bambo wa mwanayo osati wakabaza. Ine wobwera yekha ndimamuyeza basi, za kalata ndilibe nazo ntchito.

Lachiwiri linathera mma rejisitala ndi malipoti, palibe chokamba.

Lachitatu nde linali tsiku lenileni. Tinapita pa njinga yamoto ndi HSA wathu, wazaumoyo woyendera mmidzi, kumudzi wina chakumtunda, ndipo ndinali nditapempha agulupu kuti ulendo uno asangoitana oyembekezera okha, aitanenso agogo awo, amayi awo, anankungwi, azamba akale ndi ashehe omwe. Pajatu matenda akayamba usiku wonena kuti tiyeni kuchipatala kapena tidikire kuche si woyembekezerayo ayi, ndi akuluakuluwa. Chiyao changa ndi cha pamsika nde HSA ndi amene amamasulira mwina ndi mwina.

Agogo ena sanachedwe, ati ife tinabereka ana 9 kuseri kwa nyumba komweko tili moyo mpaka pano. Ndinawafunsa mwaulemu kuti agogo, nanga anzanu omwe munavinidwa nawo limodzi onse anadutsa bwinobwino? Anayamba kutchulana okha maina a omwe anapita ndi pakati, ine chete. Kenako ndinawauza kuti kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza amayi 984 akumwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, pofika wa 2015-16 anali 439, ndipo kutsikako kwayendera limodzi ndi kuchuluka kwa ochilira kuchipatala.

Pa mwanamphepo, mankhwala achikuda omwe amamwetsa oyembekezera, tinakhalitsapo. Amati amathandiza kuti matenda afulumire, zoona amafulumiradi, koma chiberekero chimakoka mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, nthawi zina chiberekero kung'ambika kumene, ndipo zikatero pa kachipatala kathu palibe chomwe tingachite, ndi za opaleshoni kuboma, magazi akutayikira mkati. Inanso ndi ija yoti mwana akamachedwa kubadwa ndiye kuti mayi anayenda njira, aulule kaye maina. Abale, mwana wa zaka 16 mafupa a mchiuno sanakhwime, olo atchule mudzi onse mutu wa mwana sudutsa. Mapeto ake mwana kufera mmimba, iye kutsala ndi fistula mkodzo ukungotuluka, kuti akakonzedwe mpaka ku Bwaila ku Lilongwe.

Amene anandigwira pakamwa ndi mzamba wina wachikulire. Ati boma linatiletsa kubereketsa mu 2007, tinamva, pano timangoperekeza. Koma mwana wanga, usiku pakati amagogoda pakhomo panga osati panu, mutu ukuoneka kale ndimuuze kuti bwerera? Yankho labwino ndinalibe kupatula kuwapempha kuti mwezi wa 9 ukangokwana iwo omwewo aziwathamangitsira ku chidikiro, nyumba yodikirira kuchira pachipatala. Apo amayi anadzuka, ati kuchidikiro tidya chani, ufa wake uti, nkhuni, wotidikirira, ana otsala kunyumba aphikire ndani, kuonjezera zitenje, beseni ndi pulasitiki yakuda zomwe mumatiuza tibweretse. Wina anaonjeza kuti manesi enanu mumalalata. Sindinatsutse. Tinagwirizana zoti gulu lawo la banki mkhonde likhale ndi kathumba ka transipoti ya oyembekezera, agulupu nawo analonjeza pagulu kuti kalata ya sikelo ndi yaulere, tiona ngati zipitirire. Ndinawasiyiranso nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, 54747, kuimba kwake nkwaulere.

Za chindapusa cha mbuzi kwa wochilira pakhomo mafumu amazikonda, ndipo sindikana kuti zinathandiza kukankha anthu. Koma mbali ina ndimaiona ine, mayi akachilira kunyumba mwangozi amabisala kuopa mbuziyo, sabwera kudzaonedwa mmasiku awiri oyambawo pomwe ndi nthawi yoopsa kwambiri, kutaya magazi ndi mafinya zimapha pamenepo.

Lachinayi usiku zinachitikadi. Anafika ndi mtsikana wa mimba yoyamba atachilira panjira, matenda anayamba madzulo koma amayi ake amadikira kaye mwamuna wa mtsikanayo ku Joni ayankhe pa WhatsApp ndikutumiza ndalama ya njinga yamoto, netiweki nayo yovuta. Mwana anali bwino koma nsengwa inatsalira, magazi ali chuchuchu. Jakisoni wa oxytocin wolimbitsa chiberekero, dilipi, tochi ya foni kukamwa, mwamwayi inatuluka yonse chiberekero nkulimba, ambulasi sitinaifunenso. Ndinagona kukucha.

Lachisanu ashehe aja anakamba za sikelo kumzikiti, ndipo masana azibambo angapo anatulukira ndi akazi awo ngakhale silinali tsiku lake. Tinawayeza choncho, ungawabweze bwanji.

Lero Loweruka mtsikana uja tamutulutsa, ndamuuza abwerenso pakatha sabata kenako pa masabata 6. Amayi ake anditengera pambali, ati aNesi pepani, kuchilira panjira uku tikubwera konkuno, mbuzi ija tilipirabe? Ndalemba mu buku lake lachikasu kuti anali paulendo wa kuchipatala ndipo nsengwa inatulukira kuno, akaonetse kwa amfumu. Lolemba ndituma HSA akamve kuti agamula bwanji.